Maenvulopu Makumi Anayi ndi Awiri

Lachiwiri, magetsi atazima kuyambira mbandakucha,
ndinalowa m'kalasi ndi maenvulopu m'jumbo ya buledi,
pa envulopu iliyonse dzina, lolembedwa ndi dzanja langa.
Ndinati: sabata yatha munayankha mafunso anga,
ndasanthula mitima yanu mmodzimmodzi.
Tsegulani, koma mnzanu asasuzumire.

Zii.
Patali, kondakitala ankaitanira okwera a ku Chelstone.

Nalukui anagwira pakamwa.
Chabota, mwini benchi yakumbuyo ndi tulo take,
anadzuka n'kuwerenganso ndi chala.
"Umaseka pagulu, koma usiku umadziweruza.
Uli ndi mphatso zimene sunazimasule.
Nthawi zina umakayika ngati njira unasankhayi ndi yako."

Ndinafunsa: ndani ndamulasa?
Manja anamera ngati chimanga cha Disembala.
Tilabilenji anati, Madamu,
ngakhale amayi anga sandidziwa chonchi.

Ndiye ndinati: sinthanani.

Zinayamba ngati mvula pa malata,
dontho apa, dontho apo, kenako chiphokoso.
Mawu omwewo. Mpumiro womwewo.
Ngakhale chilembo chimene makina anadya
chinali chodyedwa kwa onse.
Anaseka, koma kuseka kwa munthu
amene waterereka apongozi akuona.

Ndinalemba pa bolodi: Wadziwa bwanji?
Choko chinathyokera pa chizindikiro cha funso.
Ndinati, kafunso aka mukayende nako.
Mukapite nako ku Soweto, kwa bambo wa chimkuzamawu
amene botolo lake limodzi limachiza shuga, nsanje ndi ngongole.
Mukakatulutse uthenga wa azakhali ukalowa pa foni
wakuti madokotala akubisa zoona.
Musalisiyenso buku lonenepali, lobwera pa ndege,
limene linayeza ana makumi atatu a kwawoko
n'kulengeza kuti mwana wa munthu ali chonchi.
Awerengeni anawo. Funsani za amene sanafunsidwe.
Kadzidzi akalira padenga, maliro n'kugwa,
muwerengenso masiku onse amene analira
tonse n'kudzuka, n'kukatunga madzi.

Ndinkasonkhanitsa kale mapepala
pamene dzanja la Chabota linakwera, mwaulesi, mpaka theka.
Madamu, takhulupirira envulopu chifukwa mwatipatsa ndinu.
Tsopano tikhulupirire bolodi chifukwa mwalemba ndinu?
Nanga inuyo mwadziwa bwanji kuti phunziroli limagwira,
kuti mawa sitidzagwada pamaso pa envulopu ina,
bola ikhale ndi chidindo?

Zaka khumi ndi chimodzi ndikutchera msampha umenewu,
sindinamutsatirepo wophunzira ngakhale mmodzi
kupitirira pa geti.
Ndinafunafuna yankho m'matumba onse a digiri yanga.
Ndinati: sindikudziwa.
Mawuwo anawawa ngati piritsi la malungo losweka pa lilime.
Nalukui, wakhama uja, anawalemba m'kope
n'kudula mzere kunsi kwake.

Madzulo, m'minibasi ya ku Kabwata,
mawondo atapanikizika ndi thumba la makala la munthu wina,
foni inanjenjemera. Mkulu wanga:
mneneri wanena kuti Zakeyo abwera mvula isanagwe.
Zakeyo wathu, amene anakwera basi ya ku Joni
chaka chimene ndinagula nsapato ndavalazi,
osatumiza ngakhale moni.
Ndinalemba: wadziwa bwanji?
Chala chinaima pamwamba pa mawuwo kuyambira pa Kamwala
mpaka pamene ndinatsikira.
Ndinafufuta. Ndinalemba: mwadya?

M'jumbo munatsala envulopu imodzi,
ya mnyamata amene chindapusa cha fizi chinamutsekera kunja.
Magetsi anali asanabwere.
Ndinaitsegula pa kandulo, nditaimirira,
ndikudziwa chilembo chilichonse ndi chodyedwa chomwe.
"Nthawi zina umakayika ngati njira unasankhayi ndi yako."
Inandilasa ndithu,
ine amene ndinailemba.